Ogula Asanu a Nyumba ya a Sikwese

Kalata yochokera ku ofesi ya maphunziro sidazungulire. Idati Mayi Tionenji Kayuni apuma pa ntchito kumapeto kwa Julaye wa chaka chamawa, ndipo pofika pa 31 Ogasiti akhale atatuluka m'nyumba ya sukulu poti wolowamo wina alipo kale. Tionenji adaiwerenga kawiri, naipinda, naiika m'Baibulo, ngati kuti ikagona pakati pa Masalimo isintha maganizo.

Akatuluka apita kuti? Kwawo ku Thyolo kudatsala dzina lokha. Kamunda ka amayi ake abale adagawana kalekale, ndipo pomwe padali khola la mbuzi pano pali nyumba ya mdzukulu. Ku Chitipa adabwera ali mtsikana, nakwatiwa ndi Elijah wa ku Chisenga, nabereka, mpaka adaika mwamunayo m'manda komweko. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi mphepo ya pa Boma ikumuthira fumbi m'maso, koma pakamwa pake padakana kusintha. Akangoti "Monire," ngakhale wogulitsa tomato ankadziwa kuti mayiyu ngwa kummwera.

Ndalama adali nazo, 19 miliyoni, zina zosiya malemu, zina zosunga yekha podzimana. Zimenezi zikadatha, padalibenso pena potapa. Choncho adagula kope lachikuto cholimba, nalemba mizere ndi cholembera chofiira monga ankachitira ndi kaundula wa ana: tsiku, dera, zipinda, mtengo. Loweruka lililonse ankayenda Boma lonse kuwerenga zikwangwani zokhomedwa pamitengo ndi pamipanda. Pafoni adalowa gulu la madalali, anthu aja okhala pakati pa wogula ndi wogulitsa, ndipo nyumba iliyonse yomwe ankaikapo iye ankailowetsa m'kope. Mphunzitsi ndi mphunzitsi basi. Akadatha, bwenzi nyumbazo akuziitana mayina m'mawa uliwonse.

Koma mtima wake udali pa nyumba imodzi yokha, ndipo idalibe chikwangwani. Mu Januwale adamva kutchalitchi kuti a Lameck Sikwese akufuna kugulitsa nyumba yawo kuti abwerere kumudzi ku Nthalire. Idali ya njerwa zowotcha, zipinda zogona zitatu, mpopi pabwalo, mapeyala awiri kuseri, ndipo kuchipatala munthu ankatha kupita wapansi ngakhale maondo atayamba kudandaula. Tionenji ankati akadutsa pamenepo amachepetsa liwiro, n'kumasankha mumtima poyanika zovala.

Nzeru zikachuluka zimapweteka mwini wake. Tionenji adaganiza motere: "Ndikapita ndekha, akangomva Chichewa changachi, akumbukirenso kuti ndikupuma pa ntchito, aganiza kuti ndasenza thumba la boma. Mtengo wa mlendo ndi wina, wa mwana wa pamudzi ndi wina." Ndiye adaitana Cuthbert, mphunzitsi mnzake wobadwira konkuno.

"Mukafunse ngati mukufuna ndinu," adamuuza. "Dzina langa lisatuluke, chonde."

Cuthbert adabwerako tsiku lomwelo. "Akuti 18 miliyoni, madamu. Ine ndikadakhala inu, mawa lomwe ndikadapita."

Ndalamazo zidali zokwana, n'kutsalako zopentera. Koma kope lidali ndi maganizo ena. Tsamba la chaka chatha lidaonetsa kuti m'miyezi ya njala, anthu akapanikizika ndi fizi ndi feteleza, nyumba ziwiri zidatsika mtengo. Tionenji adatseka kope, namwetulira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, adatero. Adafuna kudikira ifike pa 16.

Kumapeto kwa Febuluwale adatuma Emmanuel, bambo wa kabaza wa njinga yamoto yemwe ankamunyamula popita kumsika. Cuthbert sakadabwererako, a Sikwese akadadabwa. Malangizo adali omwe aja: dzina lisatuluke.

"Twente, amama," adatero Emmanuel asadazimitse n'komwe njinga. "Akuti osachotsako ngakhale wani kwacha."

Tionenji adatenga cholembera chofiira chija. Adalemba 20 m'kope, ndipo kwa nthawi yoyamba nambala ya m'kope idaposa ya kubanki. Adadzitonthoza kuti mkuluyo akungoyesa madzi, ikafika nthawi yokolola asowa wogula, atsitsa yekha.

Mu Epulo adatuma Rhoda, mnzake wa kumvano, ndipo adabwera ndi 22. Mu Meyi adatuma Bessie, namwino yemwe ankamuyeza kuthamanga kwa magazi, ndipo adabwera ndi 24 pamodzi ndi chenjezo lakuti magaziwo akwera kuposa mwezi watha. Choopsa kwambiri chidali chakuti si nyumba ya a Sikwese yokha yomwe inkakwera. Zoyandikana nayo zidayamba kutsatira. Kanyumba kong'aluka khoma komwe mu Januwale kadali pa 9 kadafika pa 13. Ngakhale poloti yopanda kanthu, yomera nsonthi zokhazokha, mwini wake adafuta nambala yakale pachikwangwani n'kulemba ina pamwamba.

Kusukulu Tionenji adasanduka katswiri. Pa nthawi yopuma aphunzitsi anzake ankamuzungulira, iye n'kutsegula kope n'kumafotokoza. "Ndi msewu wa tala uwu. Ndi kugwa kwa kwacha. Simenti yakwera, malata akwera, ndiye amalonda a kumalire akugula chilichonse." Ankalankhula bwino ndithu, anthu n'kumagwedeza mitu. Koma akatsala yekha mantha ankamugwira. Chakudya chidasiya kukoma. Tsiku lina adalemba deti lolakwika pabolodi mpaka ana adamukonza, iye yemwe zaka zonsezi sadalakwitsepo deti.

Mu Juni, kukuzizira kolowa m'mafupa, mphunzitsi wodzalowa m'nyumba ija adagogoda ndi tepi m'manja. Adali mtsikana waulemu, adapepesa kangapo, koma mazenera adayezabe kuti akasoketse makatani. Tionenji adamugwirira mbali ina ya tepiyo. Mlendoyo atapita, adakhala pampando nthawi yaitali akuyang'ana zenera lomwe Elijah ankakonda kukhalapo pomvera wailesi.

Wachisanu kutumidwa adali Timothy, mng'ono wake wa malemu, yemwe adabwera pa Boma kudzagulitsa mpendadzuwa. Adapita monyinyirika, ndipo adabwerako nkhope ili gwa.

"Akuti 27, alamu. Koma ndinene, ngakhale mukwiye. Mwakhala nafe zaka zonsezi, simudaonebe? Kuno nyumba sitigula ngati kaunjika wa pamsika yayi. Munthu umapita wekha, umakhala pansi, umapereka moni, nkhani imabwera pambuyo. Mbewa ya manyazi idafera kuuna."

"Ndipite ndi chiyani tsopano? Ndi 19?"

"Pitani ndi nkhope yanu. Enya, nkhope yanu yomweyo."

Sadapite. Adaopa kukanidwa, adaopa kusekedwa, adaopanso kuti akatchula zomwe ali nazo Boma lonse lidziwa. Julaye adatha, anzake adamuchitira phwando lotsanzikana, namupatsa chitenje ndi fulasiki. Makatoni adayamba kuunjikana pabalaza popanda kodziwika kopita. Pa 12 Ogasiti m'mawa adatsegula kope, nayang'ana mizere yonse ija, naona kuti mulibe nyumba ndi imodzi yomwe yotsala pansi pa 19 yoti munthu n'kugonamo mvula ikugwa. Adavala chitenje chatsopano chija, nagula shuga mapaketi awiri, nauyamba ulendo. M'njira ankabwereza mawu oti akanene: ndili ndi zakutizakuti, ndilibe kwina, ndichitireni chifundo.

Pakhonde la a Sikwese padali matumba omangidwa ndi zingwe. Mayi Eluby, akazi awo, ankakulunga mbale m'manyuzipepala.

"Odi kuno!"

"Odini! Ee, asambizgi, aphunzitsi athu! Adada, tulukani muone yemwe wabwera!"

A Sikwese adatuluka akutsimphina, namugwira dzanja ndi manja awiri. Moni adatenga nthawi yake: za thupi, za ana, za kuzizira, za ku Chisenga. Kenaka adayamba kuyamika. Mwana wawo Uchizi, yemwe pano ndi namwino ku Mzuzu, adaphunzira kuwerenga m'manja mwa Tionenji, ndipo mpaka lero amamutchula.

Tionenji adafuna kuti ayambe nkhani yake, koma mkuluyo adamutsogolera.

"Mwatipeza tikumanga katundu. Nyumba yapita, asambizgi. Lachisanu lapitali tidasainirana, mboni zilipo."

Mphepo idaulutsa nyuzipepala imodzi pakhonde, ndipo palibe adaithamangira.

"Chaka chino Chiuta watidabwitsa chomene," adapitiriza a Sikwese, chimwemwe chili pankhope. "Ine mu Januwale ndinkaopa kuti ndani angagule nyumba ya mdala ngati ine. Atabwera woyamba, mphunzitsi mnzanu uja Cuthbert, ndidatchula 18 ndikuchita manyazi, ndikuti ndachulutsa. Sadabwerenso. Kenaka wa njinga yamoto. Ameneyo ndidadziwa kuti watumidwa ndi bwana wina wobisala. Ndidamuimbira Uchizi, iye akuti, adada, anthu akayamba kubwera okha popanda chikwangwani ndiye kuti mwatchipitsa, kwezani." Ankawerenga pa zala, chala chimodzichimodzi. "Wachitatu mayi wa mvano. Wachinayi nesi wa pachipatala. Wachisanu munthu wa ku Chisenga, ngati ndi wachibale wa malemu amuna anu. Asanu! Aliyense akabwera, ine ndikweze. Aneba atamva, nawonso akweze."

Tionenji ankayang'ana zala zisanuzo zili chiimire pamaso pake. Chala chilichonse ankachidziwa dzina, tsiku lake, ndi tsamba lake m'kope. Si tala, si simenti, si kugwa kwa kwacha. Miyezi isanu ndi iwiri wakhala akuthamangitsa nyama yomwe ankaiopseza yekha.

"Ndiye wamalonda wina wa kumalire adamva kumsika kuti anthu asanu akulimbirana nyumba ya Sikwese. Adabwera akuthamanga, ngakhale pampando sadakhale. Akuti bei gani, mtengo wake bwanji? Ndati 27. Sadatsutse n'komwe." A Sikwese adaseka, kenaka adapukusa mutu. "Chondidabwitsa n'chakuti asanu aja palibe ndi mmodzi yemwe adabwerako. Anthu a masiku ano!"

"Ine sindidakondwe nazo kwenikweni," adatero Mayi Eluby, akupitiriza kukulunga mbale. "Munthuyo akuti agwetsa khondeli, adule mapeyala, amange mosungira katundu. Mukudziwa, asambizgi, mu Januwale muja tidakutchulani. Ndidati kwa adadawa, mayi aja akupuma chaka chino, bwanji tiwafunse? Nyumba umasiyira munthu womudziwa. Ngakhale pa 17 tikadakupatsani nadi."

"Ndine ndidakana," adavomera a Sikwese. "Ndidati a kummwera akapuma amabwerera kwawo, tisawavutitse. Komanso akadaifuna, si bwenzi atabwera? Amadutsa pano sabata iliyonse."

Tionenji adafuna kulira, adafunanso kuseka. Manyazi adamuphimba thupi lonse ngati wathiridwa madzi otentha. Akadaulula, akadapindula chiyani? Nyumba idapita, ndipo nkhani ikadafika kumsika dzuwa lisadapendeke.

"Koma tangolankhula ife tokha," adatero a Sikwese. "Mwatiyendera ndi nkhani yanji, asambizgi?"

"Palibe nkhani," adayankha, ndipo adadabwa kuti mawu ake adatuluka bwinobwino. "Ndidamva kuti mukusamuka, ndiye ndati ndidzatsanzike." Adatulutsa shuga uja napereka ndi manja awiri.

"Yewo chomene! Mwaona, adada? Ulemu ndi umenewu." Mayi Eluby adadzuka, nazungulira kuseri, nabwera ndi kambande ka peyala m'chubu chakuda, masamba ake anayi okha. "Ndidafesa nthangala za mitengo yathuyi kuti mbewu isathe. Kena tipita nako ku Nthalire. Aka nkanu. Mukadzale pakhomo panu, muzikatikumbukira."

Tionenji adalandira, nathokoza m'Chitumbuka chake chopindika chija, natsanzika.

Pobwerera sadachepetse liwiro paliponse, ndipo zikwangwani sadaziyang'ane. Pafupi ndi msika njinga yamoto idaima pambali pake. Adali Emmanuel.

"Amama, papitatu miyezi. Ndikafunsenso kwa a Sikwese?"

"Ayi, bambo. Basi."

"Nanga kamtengoko mukadzala kuti? Kwerani ndikakutuleni."

Tionenji adayang'ana kambande kaja. Dothi la m'chubu lidali lonyowa, lidamudetsa chitenje chatsopano.

"Kunyumba ya sukulu," adatero. "Ndikadali ndi masiku khumi ndi asanu ndi anayi."

Adakwera, nakafungatira pachifuwa kuti mphepo isakathyole.