Anthu Awiri Omuimira Zeleke

Maere anamugwera Zeleke pa sabata lachisanu ndi chinayi, ndipo kwa kanthawi munthu wamkuluyo anaiwala kutseka pakamwa. Wapampando anawerenga dzinalo kawiri, anthu n'kuwomba m'manja mwaulesi monga amachitira ndalama ikapita kwa wina. M'chipereganyu chimenecho munali anthu makumi anayi, aliyense woponya 500 birr Lamulungu lililonse m'nyumba ya khofi ya mayi Tiruwork ku Kolfe. Wogweredwa maere ankanyamula 20,000 yonse.

Kopita ndalamayo kunali kodziwika kale. Kwa zaka khumi ndi chimodzi Zeleke ankasoka pakhonde la sitolo ya misomali, kuchepetsa majekete a kaunjika ndi kupinda mathalauza, koma makinawo sanali ake. Ankawalipira mwezi ndi mwezi kwa mayi Askale, amene tsopano anali kugulitsa katundu yense kuti asamukire kwa mwana wawo ku Adama. Mayiwo anamuuza mosapita m'mbali kuti makinawo ndi 18,000, ndipo ikapanda kuoneka pofika Lolemba la sabata lotsatira, kuli telala wina wa ku Merkato amene ndalama ali nayo kale m'thumba. Popanda makinawo Zeleke analibe ntchito ina yomwe ankaidziwa.

Mlembi wa gululo anatembenuza buku n'kumuloza pamalo pamene panali mizere iwiri yopanda kanthu.

"Mwayi wanu, a Zeleke. Tsopano mutipezere anthu awiri okuimirani, a m'gulu momwe muno. Akasayina apa, Lamulungu likudzali mudzanyamula."

Lamuloli Zeleke ankalidziwa. Munthu akalandira msanga n'kusowa, omuimirawo ndiwo amalipira masabata otsalawo. Koma anthu asanu ndi atatu amene analandira iye asanalandire sanavutike n'komwe. Dzina likangotuluka, anzawo ankalimbirana cholembera, kusayina kapu ili kumanja, nkhani ya mpira osaidula. Choncho Zeleke ankayesa kuti omuimira ndi chinthu chimene munthu amangochipeza pompo. Anayang'ana m'chipindamo. Aliyense anali atapeza chochita ndi foni yake.

Tinene zoona, Zeleke sanali munthu woipa mtima. Sanabepo nsalu ya kasitomala, sanatukwanepo munthu. Vuto lake linali loti ndalama ankaiopa kuitulutsa. Madzulo a Loweruka ankasita ndalama zake za chipereganyu ndi simbi yomwe ankasitira makolala, n'kuziika m'envulopu. Lamulungu ankafika woyamba, kupereka woyamba, ndipo maere akangotha iye anali ali panja khofi asanayambe kuzungulira. Anali atawerengera bwino kuti munthu womwa khofi womugulira anzake tsiku lina adzayenera kugulira anthu onsewo. Ukwati ankaumva pa zimkuzamawu. Ankadya kamodzi pa tsiku, buledi wa injera ndi ndiwo ya shiro, m'kachipinda kake ka lendi kuseri kwa chigayo, komwe munali mpando umodzi. Mkazi wake anapita kukagwira ntchito kwa Aluya kalekale, makalata anabwera atatu n'kuleka. Kusungulumwa ankakumva ndithu, makamaka masiku a zikondwerero, koma ankadzitonthoza kuti palibe amene ali naye ngongole.

Lolemba m'mawa anayambira kwa mayi Tiruwork. Anawapeza akukazinga khofi, utsi uli tolo.

"Ndalota chani lero? A Zeleke m'nyumba mwanga Lolemba? Khalani, ndikuthirireni."

"Ayi mayi, khofi amandipweteka m'mimba."

"Amakupwetekani m'thumba, osati m'mimba. Masabata onsewa mukulowa muno, kapu yanga simunaidetsepo ndi imodzi yomwe. Nenani chomwe mwadzera."

Zeleke ananena, maso ali pa mbaula. Mayiwo anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndikusayinirani. Munthu wosita ndalama sangathawe ndi za eni, angadwale nazo. Koma ine ndine mmodzi, bambo. Wachiwiri ndani?"

"Apezeka," anatero Zeleke, ndipo potuluka ankakhulupiriradi zimenezo.

Lachiwiri anapita pa siteji kwa Wondimu, woyendetsa minibasi, amene anamusokerapo zipi kangapo. Wondimu anamugwira paphewa n'kumutcha mkulu wanga, kenako anati waimira kale anthu awiri ndipo lamulo sililola wachitatu. Lachitatu anapita kwa mayi wogulitsa batala, amene anati mwamuna wawo anawalumbiritsa kuti asasayine kanthu. Wometa tsitsi sanafune n'komwe kunama.

"Musandimve molakwa, achimwene. Kodi inu mumagona kuti?"

"Kuseri kwa chigayo."

"Mwaona, ine ndikumva lero. Nanga kwanu? Abale anu? Mutati mwasowa, ine ndikakufunseni kwa ndani?"

Zeleke anafuna kutchula dzina, koma mayina amene anabwera anali a anthu a kwawo ku Gojjam omwe anasiyana nawo asanamere imvi, ena mwina anamwalira iye osamva. Anathokoza n'kubwerera kukhonde. Masiku atatu amenewo anali atataya makasitomala angapo, ndipo zimenezinso zinamuwawa.

Anali atasunga munthu mmodzi kuti akhale womalizira, osati chifukwa chomukayikira, koma chifukwa anali yekhayo amene Zeleke ankamutcha mnzake mumtima. A Demissie, bambo wachikulire wokonza nsapato amene anthu ankawatcha Gashe mwaulemu, anali ndi kashopu kutsidya kwa msewu, moyang'anizana ndi khonde lija, nyumba yawo ili kumbuyo kwake. Zaka khumi ndi chimodzi ankakwezerana dzanja m'mawa uliwonse. Zeleke anali asanawolokepo msewuwo kukakhala pansi, komabe kukweza dzanjako iye ankakutenga ngati chibwenzi chenicheni, ndipo tsiku limene a Demissie sanatsegule ankaona kuti tsikulo laperewera.

Lachisanu masana anawoloka. A Demissie anachotsa nsapato zomwe zinali pa benchi, n'kupukuta fumbi ndi dzanja kuti mlendo akhale. Anamvetsera nkhani yonse mpaka kumapeto, ya makina, ya mayi Askale, ya Lolemba, uku akukoka ulusi pa nsapato ya mwana wa sukulu.

"Chaka chatha, mayi a kunyumba atatisiya, tenti tinaizika pati?" anafunsa.

"Mumsewu momwemu, Gashe."

"Zingwe zina tinamangirira pa nsanamira ya khonde lanu."

"Chipepeso ndinatumiza, Gashe. Ndinapatsira mwini sitolo."

"Chinafika. 50 birr, yosita bwino, inalembedwa m'buku." A Demissie anadula ulusi ndi mano. "Masiku atatu ndinakhala pa matiresi mu tenti muja. Mukudziwa, anthu salira tsiku lonse. Amalira, amatopa, kumakhala zii. Ndiye kukakhala zii choncho, ine ndinkamva makina anu."

"Inali sabata yotsegulira sukulu. Mayunifolomu anali atandiunjikira, ndikanawasiya..."

"Ndikudziwa. Ena anali a adzukulu anga, munawasoka bwino." Sanakweze mawu, ndipo nkhope yawo inalibe mkwiyo. "Ine sindikukukayikirani, a Zeleke. Mudzalipira mpaka sabata lomaliza, kuposa tonse m'gulu muja. Ndikanakonda ndikanati ndikuopa ndalama, bwenzi zili zosavuta. Koma ndikaganiza zogwira cholembera, dzanja langali likukana. Mundikhululukire."

Zeleke anakhalabe pa benchipo kanthawi chifukwa sanadziwe kuti munthu amadzuka bwanji pa nkhani yotere. Kuchokera pamenepo khonde lake linkaoneka lonse, makina atafundidwa nsalu, pafupi kwambiri moti munthu akanatha kuponyapo mwala osadzuka. Anachita manyazi aakulu, ndipo pamwamba pa manyaziwo panali chisoni choti mnzake yekhayo anakhala chaka chathunthu akumukwezera dzanja ali ndi zimenezi mumtima.

Loweruka anapita kwa mayi Askale kukapempha kuti alipire pang'onopang'ono. Mayiwo anali pakati pa makatoni. Anati amumvera chisoni, koma lole yonyamula katundu imafuna ndalama yathunthu, ndipo ku Adama sangamadikire 500 ya pa sabata ngati wopemphetsa.

Lamulungu anafika woyamba monga mwa nthawi zonse, n'kupereka envulopu yake. Anthu atadzaza, wapampando anagogoda tebulo.

"Omuimira a Zeleke ndani?"

Mayi Tiruwork anakweza dzanja lomwe linali ndi chikombe cha shuga. "Ine. Ndipo nonsenu muchite manyazi, munthuyu sanajombepo."

"Nanunso sanakugulenipo khofi," wina anatero kumbuyo, anthu n'kuseka pang'ono.

Wapampando anafunsanso. Wondimu ankayang'ana makiyi ake. A Demissie anali pakona, chipewa chili pabondo, maso ali pansi. Wapampando anadikira nthawi yokwanira kuti pasadzakhale wonena kuti anafulumira, kenako analamula kuti maere achitidwenso. Anagwera mayi wa batala uja, ndipo asanamalize kululuta anthu atatu anali ataimirira kale, wachitatuyo n'kubwerera pampando akudandaula kuti amupitirira.

Mlembi anali munthu wachifundo. Anamuitana Zeleke pambali n'kutsitsa mawu.

"Musadandaule, ndalama yanu sinapite kulikonse. Kapepala kanu sitikabwezeranso m'chitini, kuopa kukuvutitsani kawiri. Takuikani pa sabata la makumi anayi. Wolandira pomaliza safunika womuimira."

Ananena ngati nkhani yabwino, ndipo Zeleke anathokoza. Kunali kutatsala masabata makumi atatu.

Telala wa ku Merkato anabwera Lolemba cha m'ma naini, ndi ngolo ya hatchi. Anali munthu wansangala, wolankhulalankhula. Anapalasa makinawo pa kansanza, kumvetsera kulira kwake, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Mwawasamala, bambo. Ali ngati atsopano."

"Mafuta muzithira apa ndi apa, Lachitatu ndi Loweruka," anatero Zeleke. "Lamba akayamba kuterereka musamudule, mungomunyowetsa pang'ono. Pa jinzi samafuna kuthamangitsidwa."

Anachotsa ulusi wake, sizasi ndi choko, n'kuziika m'jumbo. Wogulayo anagwira mbali imodzi ya makinawo, kuyesa kunyamula, n'kuwatsitsanso. Mwini ngolo anali atagwira hatchi kuti isayende. Wogula uja anayang'ana uku ndi uku mumsewu, kenako anamufunsa Zeleke.

"Palibe mnzanu pano woti atigwirize?"

Zeleke anayang'ana kutsidya. A Demissie anali ataweramira nsapato. Zeleke anaika jumbo lake pansi, n'kupinda manja a malaya.

"Gwirani uko," anatero. "Kuno ndigwira ndine."