Valavu pa Bokosi la Maliro

"Bwerezaninso, a loya, kuti amayi amve bwino," anatero Dumoluhle, naika foni pa tebulo la malemu bambo ake.

Loyayo anabwereza mosazungulira. Chipangizo chimene chaonetsedwa pagulu, nichifotokozedwa mmene chimagwirira ntchito, sichikhalanso chatsopano pamaso pa lamulo. Patenti, chikalata choletsa ena kukopera luso la munthu, sichingaperekedwenso.

MaNcube, amayi akewo, anali m'zovala zawo zakuda. Amuna awo, a Mlotshwa, anaikidwa Loweruka. Fakitale yawo ya mijigo mu Bulawayo inkadalira patenti imodzi yokha, imene inali kutha mphamvu chaka chomwecho. Chiyembekezo chonse chinali pa valavu yatsopano yoyendetsa madzi mu mjigo, yosatsekeka ndi mchenga, imene malemuwo anali asanailembetse. Pa mwambo wa maliro mayiwo anaiika valavuyo pa bokosi, nauza Mehluli, mwana wawo wamng'ono, kuti aimasule ndi kuilongosola kwa anthu. Ambiri anajambula pa mafoni, pamodzi ndi ana a Mabhena, eni fakitale ina ya mijigo ya kutsidya kwa msewu.

Dumoluhle anadula foniyo.

"Mwamva, amayi? Anzanu amaika nkhata za maluwa. Inu munaika fakitale yathunthu."

"Ndinkafuna kuti anthu adziwe nzeru za bambo ako, mwanangu."

"Adziwadi. A Mabhena akuthokoza kwambiri. Lolemba ayamba kusula yawo."

"Achimwene, musawalankhule choncho amayi," anatero Mehluli.

"Khala chete, mlaliki iwe. Kusukulu unkalephera kulongosola ngakhale dzina lako, koma kumanda unalongosola mpaka kasipuling'i ka m'kati. Ukanawagawiranso mapepala kuti azilemba."

Mehluli anayang'ana pansi. Kunja, m'bwalo la fakitale, antchito anali atakhala pa mapaipi, zipewa zili m'manja, kudikira kuti amve ngati makina alizidwanso.

"Palibe amene anandiuzapo kuti kuonetsa n'kutaya," anatero MaNcube.

"Zaka zonsezi muli m'banja lino?"

"Bambo ako sankandiuza kanthu. Ine ndinkangobweretsa chakudya masana, n'kubwerera."

Mwana wa khalidwe akanaima pomwepo, pakuti umbuli wa mayiwo sunali wodzisankhira. Koma Dumoluhle analeredwa m'nyumba imene kulakwa kulikonse kunkafunika mwini wake, ndipo mwiniyo ankalipira pamaso pa onse.

"Anthu ali panjawo mukawauze nokha kuti ntchito yatha," anatero. "Ine sindisenza manyazi anu. Nyumba ya ku Hillside ndiigulitsa. Mupita kwa abale anu ku Nkayi. Kumeneko mukhoza kuonetsa chilichonse chimene mufuna."

"Maliro a bambo ako sanazizire, Dumoluhle."

"Akanakhala moyo, mukanachoka dzulo."

Pa mawu amenewo palibe amene anatsutsa, ngakhale Mehluli.

MaNcube anaimirira pang'onopang'ono, nakonza mpango wawo. Atafika pakhomo la ofesi anaima okha, popanda wowaimitsa. Anatsekula chikwama chawo cha m'manja, nachitambasula kutsogolo, maso ali kukhoma, monga ankachitira tsiku lililonse pamaso pa amuna awo asanaloledwe kutuluka m'fakitale.

Dumoluhle anayandikira. Anasuzumiramo, nasuntha kabuku ka nyimbo ndi chala kuti aone pansi pake, kenaka anagwedeza mutu kuti apite.