Khoka Limene Linalibe Mwini

Khoka lija litatulidwa pansi pa mtengo wa mango, anthu a pa doko la Chia anali atagawana kale mbali, a chipani chatsopano kuno, a chipani chakale uko. Chinali chaka chotsatira chisankho cha matipate, ndipo aliyense ankati ufulu wafika: wolankhula, wotukwana, ngakhale wopha nsomba mwezi umene zikuswana.

Analibweretsa anali achinyamata a gulu la mtendere, motsogozedwa ndi Zainab, mwana wa a Swaleh. Analipeza m'mawa womwewo litabisidwa m'bango. M'kati mwake wina anasokereramo neti ya udzudzu, ndipo tiana ta chambo tosaposa chala tinali titaumira momwemo.

"Sitinabwere kudzagwira munthu," anatero Zainab. "Tikungopempha kuti aliyense aone. Tikamaliza tianati, achinyamatafe tidzapha chiyani?"

Palibe anamumvera. A Fakiri, amene ankatsogolera a chipani chatsopano pa dokopo, analoza Dyton, msodzi wa chipani chakale yemwe bwato lake linkakhala pafupi ndi bangolo.

"Ndi la uyu. Anazolowera kudya okha, lero akufuna kutimalizira ndi nsomba zomwe. Wina akatenge parafini, bwato lake lipse."

"Ine khoka ndilipeza kuti, a Fakiri?" anafunsa Dyton. "Mumandidziwa, ndine wa mbedza. Bwato limenelo ndi limene likudyetsa ana anga."

Abale ake a Dyton anatola nkhafi. A mbali inayo anayamba kusankha miyala.

Pamenepo ndi pamene a Swaleh anaimirira, mkanjo uli mbee. Ameneyu anali munthu, osati masewera. Anachoka pa Chia ndi kabudula mmodzi, nakagwira ntchito m'sitima za ku Beira, Dar es Salaam mpaka Mombasa, n'kubwerako ndi injini ziwiri za boti ndi malata a nyumba yonse. Akayamba kufotokoza za maulendo ake, tiyi ankazizira m'makapu.

"Abale anga, ine dziko ndaliona," anayamba motero, dzanja lili pachifuwa. "Ku Mombasa munthu wopha tiana ta nsomba sakhala pakati pa anzake. Koma nkhaniyi tiisiye kaye, mitima izizire. Khokalo ndipatseni ndikakusungireni."

"Mulisunge, koma bwatoli lipsa lero," anayankha a Fakiri. Botolo la parafini linali litafika kale m'manja mwawo, ndipo anayamba kulowera kumene kunali bwatolo.

Zainab anagwada pambali pa khokalo, nagwira chingwe chake.

"Baba," anaitana motsitsa mawu, "tabwerani muone chingwechi. Inu mwayenda, mwina mungatiuze."

A Swaleh anapita, nawerama. Pamene zingwe ziwiri zinakumana panalibe chomanga chilichonse. Zinali zolukanitsidwa, ulusi kulowa mu unzake, mosalala ngati chingwe chimodzi. Imeneyo ndi ntchito ya m'sitima zikuluzikulu, ndipo pa Chia ponse ankaidziwa munthu mmodzi, Swaleh yemweyo, amene anakana kuphunzitsa wina aliyense. Tsiku lokonza khokalo anaona antchito ake akumanga mwachisawawa, mtima sunamulole, nawalanda chingwe n'kuluka yekha.

Zainab sanawayang'ane kumaso bambo akewo. Ankangoyang'ana kumene a Fakiri ankatsegula botolo.

A Swaleh anaweramuka pang'onopang'ono.

"Fakiri, bwerera."

Mawuwo anatuluka aang'ono, moti anachita kubwereza.

"Bwerera. Dyton alibe mlandu. Khokali ndi langa."

A Fakiri anayang'ana botolo lija ngati sakudziwa amene wawagwiritsa, nalibisa kumbuyo. A Swaleh anali a chipani chawo, ndipo ndiwo ankawabwereka boti popita ku misonkhano.

Amene anayamba kulankhula anali a Mariamu, mayi wogulitsa nsomba zouma.

"Ndiye mwati ku Mombasa munthu wotere amatani naye, achimwene?"

Anthu anaseka, a mbali zonse ziwiri, ndipo miyala inagwera pansi. A Swaleh akanakonda kugendedwa kusiyana ndi kuseka kumeneko.

"Iwe Zainab, gulu lanu likuti chiyani?" anafunsa a Mariamu. "Kapena poti ndi bambo ako?"

"Zimene tikanapempha kwa wina aliyense," anayankha Zainab. "Pasatenthedwe chilichonse. Mwini wake asomole netiyo ndi manja ake, pompano."

A Swaleh anakhala pansi pamchenga ndi mkanjo wawo woyerawo, napempha mpeni. Netiyo inasokedwa molimba, ndipo ntchito inatenga mpaka dzuwa kupendeka. Anthu anaonerera, natopa, nabalalika. Dyton anakakokera bwato lake pafupi ndi nyumba.

Anatsala awiri, bambo ndi mwana wake, amene ankapinda netiyo ikamasomoka.

"Unadziwa liti?" anafunsa a Swaleh, maso ali pa mpeni.

"Nditangoligwira m'bango muja."

"Nanga osabwera kunyumba kaye bwanji, tikambirane?"

Zainab anapinda netiyo kawiri asanayankhe.

"Mukanandiuza kuti ndikhale chete, Baba. Ndipo ndikanamvera."

A Swaleh anakokera mbali yotsala ya khokalo pamiyendo pawo, napitiriza kudula ulusi.