Chipinda Choyalira Apongozi

M'chipindacho ankasungiramo matumba a mpunga ndi njinga yothyoka foloko. Prisca anayamba kuchikonza Lolemba, uthenga utafika woti apongozi ake aamuna, a Zebedee, adzabwera Lachinayi kudzagona usiku umodzi. Madokotala a maso ochokera ku Mzuzu anali atafika pachipatala cha pa Boma, ndipo mkuluyo anauzidwa kuti Lachisanu m'mamawa akhale ali pamzere kuti akawachotse ng'ala. Kuchokera kumudzi kwawo, cha ku Songwe, minibasi ya m'mawa sikanawafikitsa pa nthawi yake.

Prisca anali wa ku Dedza. Anabwera ku Karonga kudzaphunzitsa kupulayimale, n'kukwatiwa ndi Ambokile, dalaivala wa ku ofesi ya zaulimi. Zaka zinayi zinali zitatha, koma a Zebedee anali asanapondepo phazi m'nyumba imeneyi. Akabwera pa Boma ankaima kumsewu, n'kutuma munthu kuti akaitane mwana wawo. Mwambo wa kuno Prisca ankaudziwa pang'ono: mkazi wa mwana, amene kuno amati mkamwana, sayang'ana apongozi aamuna kumaso, satchula dzina lawo, ndipo akawaona akubwera amapatuka panjira. Zonsezi ankachita akapita kumudzi. Komabe akazi ena okwatiwa pabanjapo ankanena poyera kuti nyumba ya Mchewa uja adada salowamo. Ndiye chimene ankafuna chinali chimodzi basi, kuti mkuluyo agone m'nyumba mwake, adzuke m'nyumba mwake.

Matumba anawasamutsira kukhitchini ya panja. Anazira khoma laimu, nakolopa pansi kawiri chifukwa fungo la mankhusu silinkachoka. Bedi anabwereka kwa Eliness, mkazi wa wapolisi wa nyumba yoyandikana nayo, koma matiresi anagula atsopano, okhuthala, n'kuwanyamulitsa pa kabaza. Neti ya udzudzu inamuvuta. Denga linali la malata opanda siling'i, ndiye anakwera pa tebulo n'kumangirira zingwe ku mitengo ya denga, kutentha kwa mwezi wa Okutobala kukumuwotcha pamutu. Pa sitolu, kampando ka pafupi ndi bedi, anaikapo sopo wosatsegula, mswachi, mafuta odzola ndi botolo la madzi owiritsa. Tochi anaiikapo, n'kuichotsa pokumbukira kuti mlendoyo saona, kenako n'kuibwezerapo poganiza kuti chipinda cha mlendo chopanda tochi sichioneka bwino. Kukhoma anakhomako misomali iwiri, wina wa jekete, wina wa chipewa.

Zotsala anatenga zabwino kwambiri zimene anali nazo. Mashiti oyera a maluwa abuluu amene amayi ake anamupatsa paukwati anawachapa n'kuwasita. Beseni lake lalikulu analikwecha ndi mchenga mpaka linawala. Pawindo panalibe katani, choncho anapindira m'mphepete chitenje chake china, cholimba bwino, n'kuchipachika pa waya. Lachitatu madzulo anaima pakhomo n'kuchiyang'ana chipindacho kwa kanthawi. Ambokile anasuzumira, nati n'chabwino, n'kupita kukasamba.

Lachinayi cha m'ma 3 koloko masana panafika kabaza atanyamula munthu mmodzi yekha. Anali Lughano, mchemwali wake wamkulu wa Ambokile, amene ankaperekeza bambo ake.

"Takulandirani, alamu. Nanga akuluakulu mwawasiya kuti?"

"Ali pa siteji, pansi pa mtengo. Akuti ndidzayambe ndaona kaye pogona."

Prisca anamutsogolera. Lughano anavula nsapato pakhomo, nalowa, nadina matiresi ndi chibakera, nagwedeza mutu movomereza. Ananunkhiza sopo. Atafika pawindo anaima.

"Mlamu, chitenje ichi si chija munavala pamaliro a azakhali?"

"N'chomwecho. Koma ndachichapa."

"Yayi, muchape kakhumi, n'chanu basi. Chinazungulira m'chiuno mwanu ichi. Adada agone chikuwapepera kumutu?" Anachikoka pa waya n'kuchipinda. Kenako anagwira ngodya ya shiti. "Awa?"

"A paukwati. Sitiwagwiritsa ntchito."

"Simunagonepo?"

Prisca anazengereza. "Kamodzi. Mwina kawiri."

Lughano anaseka mpaka anakhala pa bedipo. "Inu ndi Ambokile! Ndiye mukuti madala adzagone pomwepo? Mlamu, mukufuna kutiphera bambo athu asanaone n'komwe kuwala?"

"Iwowo sangadziwe. Saona."

"Saona, koma amafunsa. Ndipo ine adada sindiwanamiza. Beseni ili ndiye sindifunsa n'komwe, ndikulidziwa."

Anasenda bedi lonse. Mashiti, pilo, thaulo limene Prisca anapukutirapo nkhope tsiku lina, zonse anaziunjika pakhonde pamodzi ndi beseni. M'chipindamo munatsala matiresi, neti ndi tinthu ta pa sitolu. Lughano sankachita izi mwankhanza. Ankangochita mofulumira, ngati munthu amene akuchotsa miyala mumpunga.

Ambokile anafika mulu uja uli pakhonde. Anauyang'ana, nayang'ana mchemwali wake, nayamba kupukuta thukuta m'khosi.

"Bwanji simunandiuze?" anafunsa Prisca.

"Ndimaona ngati mukudziwa."

"Munandipeza ndikusita mashitiwa. Munandigwirira ngodya popinda."

"Ndinaona kuti mwasangalala, ndiye ndinati mwina adada sadzafunsa."

"Iwe," anatero Lughano, "adada analeka liti kufunsa? Unakulira kuti?"

Prisca anatenga kachikwama n'kupita kumsika, Lughano ali pambuyo. Pa shopu ya nsalu zochokera ku Tanzania analoza mashiti ali m'pepala lake la pulasitiki, pilo ndi thaulo, koma sanazigwire. Lughano ndiye anazilandira. Beseni latsopano nalonso analisenza ndi Lughano. Katani anaisiya, ndipo Ambokile anamata manyuzipepala akale pagalasi.

Kuyala bedi kunagwera Ambokile yemweyo. Prisca anaima kunja kwa chitseko atapinda manja.

"Mbali ya mpendero waukulu ipite kumutu. Ayi, mwatembenuza. Kokani uko."

"Kuti?"

"Kumiyendo. Lowetsani pansi pa matiresi. Osati kuunjika ngati mukubisa zovala zakuda."

"Galimoto ya boma ndimaiyendetsa mpaka ku Chitipa, ndilephere nsalu?"

"Ndiye ikukulepheranitu," anatero Lughano. "Taona, shiti yakwinyika ngati nkhope ya adada omwewo."

Anayala katatu. Kachitatuko bedi linaoneka ngati bedi. Prisca anaona kuti ngodya imodzi yatuluka, dzanja lake n'kunyamuka lokha, koma analibweza.

Apo m'pamene Lughano anatuluka m'chipindamo n'kuima m'kanjira ka pakati pa nyumba. Anayang'ana kumanzere, nayang'ana kumanja. Chitseko cha chipinda cha mlendo chinayang'anizana ndi cha kuchipinda kwa eni nyumba, pakati pake mapazi atatu okha. Bafa ndi chimbudzi zinali kumapeto kwa kanjira komweko.

"Apa ndiye pavuta, mlamu. Izi sitingagule kumsika. Adada anena kale kuti ngati zitseko zayang'anizana, iwo akagona kuchitando cha kuchipatala, kumene kumagona odikirira odwala."

"Pasimenti paja?" anatero Ambokile. "Ndi chifuwa chawo chija? Akakhosomola mawa madokotala awabweza."

"Kawauze ndiwe."

Prisca anayang'ana zitseko ziwirizo, nayang'ananso bedi lija. Analowa kuchipinda kwake, ndipo patapita mphindi zochepa anatuluka ndi chikwama. Munali zovala za kusukulu za mawa lake ndi makope a ana oti achonge.

"Pitani mukawatenge," anauza mwamuna wake. "Ine ndikagona kwa Eliness. Mpunga ndaphika kale, nyama ili pamoto. Alamu apakula."

"Ndiye mwakonzera ndani chipindachi, inu n'kuthawamo m'nyumba?"

"Ndakonzera iwowo. Pitani, dzuwa likupita."

Dzuwa linali litapendeka pamene kabaza awiri anaima pamsewu. Prisca atamva mabelu anazungulira kuseri kwa khitchini, nafunda chitenje kumutu, nagwada moyang'ana khoma, chikwama chili pambali. Sankaona kanthu, ankangomva. Anamva ndodo ikugogoda pansi pang'onopang'ono, mpando ukukokedwa pakhonde, madzi akuthiridwa m'kapu. Kenako mawu a mkuluyo, otsika, osathamanga, m'Chinkhonde. Prisca ankatolapo mawu amodziamodzi. Lughano ankayankha mwachidule. Mafunso anali ambiri ndithu. Pena Ambokile anayesa kulowererapo, koma anadulidwa asanamalize.

"Mlamu!" anafuula Lughano. "Akupereka moni. Akuti mwaswera bwanji?"

"Ndaswera bwino, kaya iwo ayenda bwanji?"

Moniwo unapita, yankho linabwera. Nkhuku za Eliness zinadutsa pafupi ndi mapazi ake zikupita kukhola.

"Akufunsa kuti n'zoona mwalongedza chikwama?"

"N'zoona."

"Akuti wakuuzani ndani?"

"Palibe. Ndaganiza ndekha."

Lughano anamasulira. Mkuluyo anakhosomola nthawi yaitali, namwa madzi. Atayambanso kulankhula, analankhula Chichewa. Prisca anali asanawamvepo akulankhula Chichewa, ndipo chinali cholemera, cha munthu amene anachiphunzira kalekale kuntchito n'kuchisiya. Ankalankhula kwa mwana wawo, koma mokweza, kuti mawu afike kuseri kwa khitchini.

"Ambokile. Ine ndinabwera kudzagona, sindinabwere kudzasamutsa anthu. Mawa kumudzi adzati Zebedee anapita ku Boma, mwini nyumba anakagona kwa apolisi. Zimenezo ine yayi."

"Ndiye titani, adada? Kuchitando simungapite."

"Usandithamangitse. Ndikuganiza."

Anaganizadi. Prisca anamva mawondo akuyamba kuwawa pa dothi louma. Anaganiza zoti mkuluyo akangoti apite kuchitando, ndiye kuti nkhani yatha, sadzabweranso, ndipo matiresi aja adzagonapo ana a alendo a kutchalitchi.

"Iwe, imirira apo," anatero a Zebedee. Mpando wa Ambokile unalira. "Waimirira? Chabwino. Ine pano sindikudziwa ngati ndiwe kapena ndi chitseko. Ndikuona mdima wautali basi. Mwambo umati ndisaone mkamwana. Lero nditafuna n'komwe sindingamuone. Nsalu mwasintha, beseni mwasintha, zimenezo mwachita bwino. Ndiye muuze abweze chikwama. Agone m'nyumba mwake. Ine ndikafuna kutuluka ndigogoda ndodo katatu, iye atseke chitseko chake. Iye akafuna kudutsa, iwe unene, ine nditseka changa."

"Ndaga, adada," anathokoza Lughano m'Chinkhonde.

"Koma za lero zokha. Mawa madokotala akandikonza, ayambirenso kuthawa. Ndipo azithawa msanga, chifukwa akuti ndizidzaona mpaka ku Tanzania."

Lughano anaseka, Ambokile nayenso anaseka mochedwa. Prisca anawomba m'manja katatu ali chogwada, mofatsa, mmene amachitira kwawo. Sanadziwe ngati kuno amatero, koma palibe anamudzudzula.

Anamva ndodo ikukwera sitepe ya pakhomo, kenako ikugogoda simenti ya m'nyumba. Anadikira mpaka chitseko cha chipinda chija chitatsekedwa, ndiye anadzuka, nakung'untha fumbi m'mawondo, nalowetsa chikwama kudzera khomo la kuseri. Anapakula mpunga ndi nyama m'mbale zovundikira, Lughano n'kudzazitenga.

Asanayambe kudya yekha, Ambokile anatulukira kukhitchini akukanda m'mutu.

"Akuti chipinda n'chabwino. Mphepo ikulowa bwino."

"Chabwino."

"Koma akuti matiresi afewa kwambiri. Akhalapo n'kumira, ndiye akuti msana wawo sungalole. Akufunsa ngati tili ndi mphasa, ayale pansi m'chipinda momwemo."

Prisca anaika supuni pansi. M'nyumbamo munali mphasa imodzi yokha, imene iye ankakhalapo posankha mpunga.

"Yathuyi siyingatheke," anatero. "Eliness ali nayo ina imene sindinakhalepo. Pitani mukaitenge nokha. Mukatero mumasule zingwe za neti, muitsitse ifike pansi."