Primo wa Pakhonde

Cheila wa ku Chiuaula ankaphunzira zauphunzitsi, ndipo mutu wa mwana ameneyu unali wouma ngati chitsa cha paini. Amalume ake a Mahamudo, eni mbumba, anali atanena kale poyera kuti akalephera mayeso ophunzitsa pamaso pa ana, sukulu yathera pompo, apite ku Lione akakwatiwe ndi msuweni wake Idrisse, mlimi wa mbatata.

Mayesowo anali a mawa lake. Aphunzitsi ake anamupatsa chinambala chachitali ngati sitima ya ku Cuamba, 100 000 001, ati akauze ana ngati ili primo kapena ayi, ndipo aonetse pabolodi. Tsono Apwitikizi anatisiyira msampha. Nambala yokana kugawidwa ndi ina iliyonse, kupatula 1 ndi iyo yomwe, amaitcha primo. Msuweninso ndi primo. Liwu limodzi ntchito ziwiri, ngati chitenje.

Foni yake inali kwa okonza, choncho Cheila anagwada pakhonde ndi khala m'manja, nayamba kugawa pasimenti. Za 2 ndi 5 sanavutike nazo, paja nambala yothera ndi 1 siwadziwa amenewo. Anayesa 3, panatsala 2. Anayesa 7, 11, 13, paliponse kanyenyeswa kankatsalira. Mphepo ya Juni inali itamuumitsa zala.

"Basi, ndavomera," anatero atatopa. "Ndi primo."

Mayi ake a Mariamo ankapeta nyemba kuseri kwa nyumba, ndipo makutu awo sankapita kutchuthi. Lichero pansi, mpango kumutu, ulendo wa ku Sanjala kwa achimwene awo. Itatha swala, pemphero la masana, njinga yamoto inaima pabwalo. A Mahamudo kutsogolo, Idrisse kumbuyo atavala kofia yatsopano, thumba la mbatata lili pamiyendo.

Amalumewo anayamika Mulungu kuti mwana waganiza bwino, nati za mayeso a mawa zisamuvutenso. Cheila anayang'ana mayi ake, anayang'ana kofia ija, n'kuzindikira chimene chachitika. Anafotokoza kuti primo amene amanena ndi uyu wagona pasimentiyu. A Mahamudo anaseka mpaka kutsokomola, ati mawu akatuluka sabwerera m'kamwa, ndipo primo ndi primo.

"Amalume, sindinamalize kugawa."

"Maliza, mphwanga, tikudikira. Ikakhala primo, wako ndi uyu."

Cheila anadziwa mumtima kuti anavomera chifukwa cha kutopa chabe, ndipo akanapita nalo bodzalo mawa, akanagwa nalo pamaso pa ana. Nambala zoyesa zinali zikadalipo zambirimbiri. Analumbira kuti aziyesa imodziimodzi, khonde likatha alemba pakhoma, khoma likatha alemba mumsewu. Anapempha Idrisse asunthe mapazi, natola khala lina.

Yotsatira inali 17. Mu 100 inalowa kasanu, panatsala 15. Anatsitsa ziro, nagawa, natsitsanso ina, mawondo akusuntha chammbuyo mpaka anagunda thumba la mbatata. Pomaliza anatsitsa 1 uja wa kumchira, panakhala 51. Kasanu ayi, kanayi ayi. Katatu, ndendende, osatsala ngakhale fumbi. Sanadzikhulupirire, ndiye anachulukitsa 5 882 353 ndi 17 kubwerera chammbuyo, ndipo chinambala chija chinatulukanso chathunthu.

Anaimirira, nasasa chitenje.

"Si primo."

"Ine kapena iyo?" anafunsa Idrisse.

"Iwe ndiwe primo, ndipo ukhala primo yemweyo mpaka imvi."

Idrisse anavula kofia n'kuseka, ndipo ena amati anapuma ngati munthu wotula mtolo. A Mahamudo anazungulira masamuwo manja ali kumbuyo, osamvapo kanthu, koma mawu anali awo omwe. Anangoti tione mawa, nakankha njinga. Mbatata anazisiya.

M'mawa Cheila ananyamuka zala zikadali zakuda. Ali pachipata anatembenuka n'kuuza mayi ake kuti pakhondepo pasapite chikolopa kufikira iye atabwera.