Zibangili za Amayi Zulmira

"Undilembetsere china," anatero amayi anga, akugogoda tebulo langa ndi chala. "Dzina lomwe lija."

Unali mwezi wa Outubro, ndiye kuti Okutobala, ndipo dzuwa la ku Tete linali litayamba kale kutiwamba ngakhale kunali m'mawa. Ndinali nditayala zibangili za mphira zapinki pakhomo pa saluni yomwe ndimalukirapo tsitsi ku Canongola. Gulu lathu la amayi linkazigulitsa kuti tipeze ndalama zophunzitsira anthu za khansa ya m'mawere, komanso zoyendera odwala otumizidwa kuzipatala zakutali. Wogula ankatchula dzina, ife n'kukadinditsa pachibangilipo. Ambiri ankalembetsa la mbale wodwala, kapena la amene anatisiya. Amayi okha ndiwo ankalembetsa lawo lomwe, ZULMIRA, ndipo aka kanali kachitatu.

Ndinayang'ana mikono yawo. Panalibe chibangili ngakhale chimodzi.

"Nanga ziwiri zija zili kuti, amayi?"

"Zilipo."

"Zilipo kuti?"

"Iwe Nilza, wogulitsa matimati amafunsa kuti ukaphikira ndiwo zanji?" Anakonza mpango wawo, kenako anatsitsa mawu. "Koma undiuze zoona. Anamwino akuchipatala aja avaladi zomwezi?"

"Zomwezi. Ndinawagulitsa ndine."

"Posamba savula?"

"Ndi mphira, amayi, siopa madzi."

Anagwedeza mutu ngati ndawauza nkhani yaikulu, n'kunyamuka kukakwera chapa, kaminibasi kopita kwawo ku Matundo.

Zinandibalalitsa mutu. Amayi anga si munthu wogula zokometsera thupi. Chibwerereni ku Malawi nkhondo itatha, ndolo zawo n'zomwe zija, ndipo pamsika amanenerera ngakhale singano. Mlongo wanga Dércio, nditamufotokozera, anangoseka.

"Akukagulitsa ku Matundo, achemwali. Mtengo aonjezera."

"Ndani angagule chibangili cholembedwa dzina la mwini wake?"

"Ndiye pali Zulmira wina kutchalitchi kwawo."

"Azulmira atatu?"

Anakweza mapewa. Ine ndinamaliza ndekha kuti amayi akungondimvera chisoni, safuna mwana wawo aume pakamwa tsiku lonse popanda wogula. Kunena zoona ganizo limeneli linandikomera, moti ndinayamba kuwatama kwa anzanga a m'gulu.

Lamlungu ndinaoloka mlatho kukawatulira chibangili chatsopanocho. Ndinawapeza pabwalo akulimbana ndi beseni la nsomba zouma zomwe amagulitsa. Ankalikoka ndi dzanja lamanja lokha. Lamanzere anali atalipanikiza kunthiti, ngati afungatira chinthu m'khwapa.

"Dzanjalo latani?"

"Ukalamba. Wabweretsa?"

Anachilanda ndisanakhale pansi. Anachitembenuza, n'kuyendetsa chala pazilembo chimodzichimodzi, poti kuwerenga sadziwa koma dzina lawo amalizindikira. Kenako analowa kuchipinda. Ndinadikira pamphasa, thukuta lili kamukamu, koma munthu osatuluka. Ndinaodira pachitseko n'kulowa.

Anali atakhala pabedi, singano ndi ulusi zili pamwendo.

"Khala apa," anatero osandiyang'ana. "Zimenezi zimayamba kugwira ntchito pakapita nthawi yaitali bwanji?"

"Ntchito yanji, amayi?"

"Ziwiri zija sizikuoneka mutu wake. Kapena zinachedwa kwa wodinda, mphamvu n'kuuluka?"

Ndinaseka, chifukwa sindinadziwe chochita china. Iwo sanaseke.

"Uli wakhanda, ku Malawi kuja, unadwala mpaka tinataya mtima," anatero. "Anakumanga kachingwe m'chiuno, n'kutchulapo dzina lako, ndipo unadzuka. Kaja kanali kachingwe chabe ka munthu wa m'mudzi. Ichi n'chovala anamwino, dzina lachita kulembedwa. Chingalephere bwanji?"

"Amayi, mulibe mankhwala m'menemu. Ndi mphira chabe. Timangovala kuti anthu akumbuke kukayezetsa."

"Kukumbuka?" Anandiyang'ana ngati ndayankhula Chitchaina. "Munthu angaiwale chinthu chimene chikumubaya usana wonse?"

Mwezi wonse ndinali nditauma kukhosi kuuza amayi a eni ake kuti azidzigwira mawere posamba, akapeza chotupa athamangire kuchipatala. Koma kwathu mwana wamkazi satchula bere la mayi ake, ndipo mayi saonetsa. Iwo ankangoima pambali pa tebulo langa, n'kumatola zimene angatole.

"Chinayamba liti?"

"Mvula isanathe."

Ndinawerengera m'mutu miyezi yonse ya chilimwe, ndipo mantha anandigwira. Ndinafuna kukalipa, koma ndikalipire yani? Wodinda? Anamwino? Kapena ndekha, ndi tebulo langa lapinki?

"Mawa tilawirira kuchipatala," ndinatero. "Musakane."

"Sindinakane. Koma ichi ndalipira, sichingakhale pansi."

Anamasula mabatani a bulauzi pang'onopang'ono, nkhope atayang'anitsa kukhoma. Zibangili ziwiri zija anali atazisokerera ndi ulusi wakuda m'kati mwa kamisolo, kumanzere, zilembo zitayang'ana kuthupi. Atazinyamula pang'ono ndinaona khungu lotupa, lonyezimira, ndipo dzina lawo linali litadindika pamenepo chobwerera m'mbuyo.

Anandipatsira singano.

"Ndilowetsere ulusi, mwanawe," anatero. "Maso anga akukana."