Masipika Anayi a Clement

Nyimbo inadukira pakati, fungo la pulasitiki wopserera n'kudzaza kumbuyo kwa lole. Rodgers anakhudza ampulifaya, makina okweza mawu, n'kubweza dzanja msanga.

"Yapsa, mulamu," anatero osamuyang'ana Hellen.

Hellen anayang'ana kunyumba. M'nyumba munali bokosi la mwamuna wake, Clement, ndipo kunatsala ola limodzi kuti anyamuke ulendo wa kumanda kwa Nkomeshya. Zaka khumi ndi zisanu Clement ankamanga masipika m'maminibasi a ku Silverest, ndipo panalibe maliro m'deralo amene anayenda opanda nyimbo. Ankangofika yekha osaitanidwa, mawaya ali m'khosi. Ndiye lero mwiniwakeyo apite kuli zii? Mtima wa Hellen unawawa kuposa dzulo.

"Mwamanga bwanji kansi?" anafunsa Hellen.

"Monga mwamene amangila aliyense. Mawaya ofiila pamodzi, akuda pamodzi, onse folo."

Rodgers, mng'ono wa malemuyo, anali wachangu pa chilichonse kupatula kumvetsera. Hellen anali atamva mwamuna wake akukalipira makondakitala kambirimbiri: sipika iliyonse ndi maohmu anayi pa muyeso wa magetsi, ukaunjika masipika onse anayi pamodzi amatsikira pa imodzi, ampulifaya n'kusenza katundu woposa msinkhu wake. Mawuwo ankawakumbukira bwinobwino. Koma kuti waya uti apite pati, manja ake sankadziwa.

Hellen anaimbira foni Matthias, mnzake wa Clement pantchito.

"Nili ku Kasisi, amai. Olo nibwele manje, ngati yapsa, yapsa."

Amayi a kwaya anati aziimba okha pakamwa, ngakhale onse ankadziwa kuti pa lole mphepo imameza mawu. Hellen anangogwedeza mutu. Akanatani?

Rodgers anayamba kutsitsa masipika. Atatembenuza yoyamba, anaima. Kumbuyo kwake kunali kapepala komata, kofiirira ndi fumbi, kolembedwa ndi dzanja la Clement. Hellen anasendera n'kuwerenga mokweza:

"Rodgers, niziwa uzabweleka. Awiliawili. Wofiila wa iyi ku wakuda wa inzake. Osathamanga."

Rodgers anatembenuza yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Ponse panali mawu omwewo, ndi kamuvi kolozera polowa waya.

Rodgers anakhala pansi m'lolemo, misozi ili chuchuchu. Anamasula mawaya amene anapota aja, n'kuyamba kulumikiza masipikawo awiriawiri, pang'onopang'ono, ngakhale panalibenso ampulifaya yoliza nyimbo. Anthu onyamula bokosi anali atafika kale pakhomo. Hellen anawakwezera dzanja kuti adikire, n'kumugwirira mlamu wake waya wakuda.